Malaya a Lachitatu

Ku Buchi, mumzinda wa Kitwe, kuseri kwa msika, pa mzere wa nyumba za khansolo, panali nyumba ina imene pakhomo pake sipankagona tsamba. Mwini tsache anali mayi Lenia, amene anthu ankawadziwa ndi dzina loti amake Anock. Anali aafupi, a mapewa otakata ngati munthu wokulira pa khasu, ndipo chinthu chimodzi sankachinena kawiri.

Anabadwira kufupi ndi Katete, ndipo komweko ndi kumene anakwatiwa ndi Obadiah Mvula m'tchalitchi cha a Dachi chofolera ndi udzu. Zovala za ukwati zisanachapidwe n'komwe, aMvula anakwera lole kupita ku migodi ya kopa. Amake Anock anatsala kumudzi. Analima okha, anabereka ana bambo wawo kulibe, ena mwa anawo anawaika m'manda bambo wawo kulibe. AMvula ankabwera pa tchuthi patapita zaka, atanyamula chitenje, bulangete, ulendo wina njinga, komanso mawu achilendo amene ankawapulumuka pakamwa akaiwala. Kuchitsime azimayi sankasowa chonena. Ankati ku migodi kuli akazi a Chibemba odziwa kuphika ndiponso kuseketsa mwamuna wa mwini. Amake Anock sanawafunse amuna awo ngakhale tsiku limodzi. Funsolo analimeza, koma silinatsike. Linangokhala pakhosi.

Dziko litalandira ufulu, migodi ikulemba anthu ngati kulibe mawa, aMvula anakwezedwa kukhala kapitawo wa gulu lawo pansi pa mgodi. Anapatsidwa nyumba yokulirapo, ndipo apo ndi pamene anaitanitsa akazi awo. Amake Anock anafika ku Kitwe imvi zitayamba kale, lilime litauma. Chibemba chimene anatola chinali cha moni ndi cha kumsika basi. Kutchalitchi ankaimba m'Chinyanja, anzawo a Chigwirizano anali akwawo, ndipo m'nyumba aMvula ankayankhula chakwawo, mawu ake owerengeka.

AMvula atapuma pa ntchito, banjalo linasiya nyumba ya kampani n'kusamukira ku Buchi. Mmawa wina akumanga zingwe za nsapato, bamboyo anagwa cham'mbali. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Anabwerako dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zitafa, pakamwa patapotoka.

Kuyambira pamenepo amake Anock anasiya kukazinga zitumbuwa zimene ankagulitsa pamsika. Ankawasambitsa amuna awo, kuwadyetsa phala ndi supuni, kuwatembenuza pamphasa, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi ndi kukawakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango. Loweruka lililonse ankawameta ndevu ndi lumo kuti Lamulungu akulu a mpingo akabwera kudzapemphera awapeze ali ooneka bwino. Anock, mwana wawo, ankagwira ntchito ku Ndola ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Anthu ankawamvera chisoni amake Anock, iwo n'kumalandira chisonicho monga mwa mwambo. Koma pansi pa mtima panali china chimene sakanawauza ngakhale abusa. Chikwatiwireni, aka kanali koyamba kuti mwamunayo akhale wawo yense. Mgodi sunkamuitananso. Anzake a Chibemba anali atachepa. Akafuna madzi ankayang'ana iwo, akamva kuzizira ankayang'ana iwo.

M'nyengo yozizira ya 1971, Lachitatu masana, anafika pakhomopo achinyamata awiri ovala majasi oyera. Mnyamatayo anawomba m'manja n'kupereka moni m'Chinyanja chabwino. Anati dzina lake ndi Pius, makolo ake ndi a ku Chipata koma iye anakulira ku Ndola. Mtsikanayo anali Christine, wa ku Kasama. Onse anali kuphunzira udokotala ku Lusaka, ndipo anatumizidwa ku Kitwe kwa miyezi yochepa. Mphunzitsi wawo anati aziyendera okalamba m'makomo Lachitatu lililonse, kuti aone mmene munthu amakhalira akachoka pabedi la kuchipatala.

Amake Anock anayang'ana buluku la Pius, lothina m'mwamba ndi lotambalala m'munsi ngati belu la kusukulu. Kenako anayang'ana siketi ya Christine, imene inathera pamene siketi imayenera kuyambira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje.

"Mangani ichi, mwana wanga. Muno muli akulu."

Christine anachilandira ndi manja awiri, akumwetulira, n'kuchimanga pomwepo. Anali mwana wabwino, wa maso owala, wofulumira kuseka ndi wofulumira kugwira ntchito. Zimenezo amake Anock anaziona, ndipo tsiku limenelo sizinawavute.

Anawasiya alendowo pansi pa mango n'kupita kukawiritsa tiyi. Akukoleza makala anamva phokoso limene poyamba sanalizindikire. Anaima ndi ketulo m'manja. Anali aMvula, akuseka. Chiseko chenicheni, chochokera m'mimba, chimene amake Anock sanachimve chidwalireni amuna awo, ndipo kunena zoona ngakhale asanadwale sankachimva kawirikawiri.

Atatuluka ndi tiyi anapeza mtsikanayo atagwada pafupi ndi mpando, atagwira dzanja lakufalo n'kumaliwongola chala ndi chala. AMvula, amene kwa akazi awo ankangoti "ee" ndi "iyayi", anali kuyankhula Chibemba. Mawu ankatuluka opotoka, inde, koma ankatuluka motsatana ngati madzi a pampopi. Alendowo potsazika, bamboyo anakweza dzanja lamanzere n'kunena mawu awiri kwa mtsikanayo.

"Nkashi yandi!"

Amake Anock sankadziwa Chibemba chambiri, koma makutu anali nawo. "Yandi" ankadziwa kuti ndi "wanga". Mawu enawo sankafunika womasulira. Mwamuna wawo, pakhomo pawo, pamaso pawo, watchula mwana wa eni kuti mkazi wanga.

Madzulo ake anamuuza Leah, mnzawo wa Chigwirizano wa nyumba yoyandikana nayo, ali chiimire pa mpanda wa maluwa.

"Aa, inu amake Anock!" anatero Leah akuseka. "Agogo onse amatero kwa adzukulu awo. Atate anga ankamuitana mwana wanga wa zaka zochepa kuti mkazi wanga, mpaka kumulonjeza chitenje."

"Ameneyo si mdzukulu wawo."

"Ndiye mwapeza mnzanu wa mitala. Thokozani, akuthandizani kutunga madzi."

Amake Anock sanaseke.

Lachitatu lotsatira, kutangocha, aMvula analoza kubokosi. Akazi awo anatulutsa bulangete, iwo anapukusa mutu. Anatulutsa mpango, anapukusanso. Chimene ankafuna chinali malaya oyera a kolala yolimba, amene ankavala pa Mgonero. Atavekedwa, anadzisisita pachibwano.

"Lero si Loweruka," anatero amake Anock.

AMvula anapitiriza kusisita. Akazi awo anatenga lumo ndi sopo n'kuwameta, ndipo ngati tsikulo lumo linaluma pang'ono pansi pa khutu, palibe amene ananenapo kanthu.

Zinayenda chotero sabata ndi sabata. Ophunzirawo ankabwera ndi mafunso ambiri. Amagona bwanji, amadya chiyani, pamsana pali zilonda kodi. Pius ankamvera m'chifuwa ndi kachipangizo kake n'kumachita tsinya ngati dokotala wamkulu, ngakhale ndevu zake zinali zisanagwirizane. Christine ndiye anali wosintha zinthu. Anachotsa kamkeka ka pakhomo, akuti kangakole mwendo. Tsiku lina anawapeza amake Anock akudyetsa amuna awo phala, ndipo anatambasula dzanja n'kutenga supuniyo.

"Bamayo, osawadyesa," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Dzanja iyi ili bwino. Azidya okha."

Anaika supuni m'dzanja lamanzere la aMvula. Phala linatayikira pa malaya a Mgonero. Christine ananena china chake m'Chibemba, aMvula anayankha, onse awiri n'kufa nazo nseko. Supuni yachiwiri inafika pakamwa. Amake Anock anaima pambali, manja ali lende, osadziwa poika maso. Miyezi yonseyi phala silinatayikepo ngakhale dontho, ndipo palibe anaombera m'manja. Lero latayika, anthu akukondwa.

Chimene chinkawapweteka koposa chinali china. Nthawi zina aMvula ankatsitsa mawu, n'kumayankhula ndi mtsikanayo motalika, nkhope ilibe chiseko. Christine ankamvetsera, kenako ankatembenuka n'kuwayang'ana amake Anock kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makamaka akawerama kuti anyamule beseni. Munthu safunika kudziwa chilankhulo kuti adziwe kuti akunenedwa. Funso lakale lija, la kuchitsime, linadzukanso pakhosi. Chibemba chofewa choterechi, choseketsa mtsikana, anachiphunzira kwa yani? Pansi pa mgodi anthu amakalipirana, saphunzitsana kunong'ona.

Pius anabweretsa ndodo yokhala ndi mphira kunsi. Iye ndi Christine anawaimiritsa aMvula, wina mbali iyi wina mbali iyo, dzanja lakufa lija litakoloweka pa phewa la mtsikanayo. "Panono panono, batata," ankatero Christine, kutanthauza kuti pang'onopang'ono, atate, ndipo bamboyo anakoka mwendo kamodzi, thukuta lili kamukamu. Potsazika Pius anawatengera amake Anock pambali.

"Amama, mwendo uwu ukadali ndi moyo pang'ono. Akamauyendetsa miyezi inoyi akhoza kudzayenda ndi ndodo. Akausiya uuma, ndipo ukauma sudzabwereranso. Ife kukayamba kutentha tibwerera ku Lusaka."

"Ndamva," anatero amake Anock.

Alendowo atapita, anatenga ndodoyo n'kuitsomeka kudenga, pakati pa malata ndi mtanda, pamene munthu wokhala pansi sangaone.

Lachitatu linalo anawachingamira ophunzirawo kumsewu, asanafike n'komwe pa mpanda.

"Agona. Sanagone bwino, musawadzutse."

Christine anasuzumira cha kuwindo, Pius anamugwira pamkono, ndipo anabwerera mwaulemu. Koma aMvula sanagone. Anali pamphasa m'kati, atavala malaya oyera, atametedwa, ndipo anamva zonse. Akazi awo atalowa, iwo anatembenukira kukhoma. Phala la madzulo analikana. Mawa lake analikananso. Atawapatsa supuni m'dzanja anaisiya igwe. Pofika Lamulungu, akulu a mpingo anapeza munthu wofota, woyang'ana pansi, ndipo mwendo uja poupinda unali utayamba kulimba ngati mpini.

Amake Anock anauona mwendowo. Ankaudziwa kuposa wina aliyense, chifukwa ndi iwo ankausambitsa. Ankadziwanso kuti khomo limene latsekedwa ndi lawo, ndipo wotsegula ndi iwo. Akatsegula, mwamuna ayenda, koma ayendera wina. Akatseka, akhala wawo, koma pamphasa mpaka imfa. Anasesa pakhomo mpaka tsache linayamba kukumba dothi.

Lachitatu litafika anawaveka aMvula malaya aja, koma sanawamete. Anawakhazika pansi pa mango. Ophunzirawo atafika n'kukhala pansi, amake Anock analowa m'nyumba n'kuyamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi. Beseni la madzi ofunda. Sopo. Lumo. Mulu wa zofunda zosachapa. Zonse anaziika pamapazi pa Christine, kenako anakhala pansi, nawongola miyendo.

"Pius, mwana wanga, umuuze mnzakoyu m'chilankhulo chake kuti amve bwino. Ine sindilimbana ndi munthu. Ngati ndi mkazi wawo, ndi mkazi wawo. Koma ukwati si kuseka Lachitatu lokha ayi. Lumo ilo, awamete. Zofunda izo, achape. Kuchimbudzi ndi kuseri uko, amalemera ngati thumba la chimanga. Ine msana wanga watha."

Christine, amene anamva theka, anayang'ana lumo, anayang'ana Pius.

"Mkazi wa ndani, amama?" anafunsa Pius.

"Usandipusitse, iwe. Ndili ndi makutu. Sabata iliyonse, nkashi yandi, nkashi yandi. Ukuyesa sindidziwa kuti akuti mkazi wanga?"

Pius anayesetsa kubisa chiseko, mwana wa eni. Analuma mlomo, anayang'ana nsapato zake, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anagwada pafupi nawo.

"Amama, pepani, sindikuseka inu. Mkazi pa Chibemba amati mukashi. Nkashi ndi mlongo. Akuti mlongo wanga."

"Mlongo wawo wa kuti? Alongo awo ndimawadziwa onse, ali ku Katete, awiri anamwalira."

"Tsiku loyamba lija, inu muli ku tiyi, Christine anafunsa dzina. Atamva kuti ndi aMvula anati iyenso mfunda wake ndi wa mvula, kwawo amati Bena Mfula. Ndiye atatewa anati basi, ndiwe mlongo wanga."

Pius anatembenuka n'kumufotokozera Christine. Mtsikanayo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Sanaseke. Anatsika pa mpando n'kugwada m'dothi, maso atadzaza misozi.

"Bamayo, ine? Mayo ine! Ni atate anga aba."

Amake Anock anamva nkhope ikutentha ngati ayandikira mbaula. Koma sanali munthu wobwerera msanga.

"Chabwino, mlongo. Nanga zonong'ona zija? Zondiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika?"

Pius anayang'ana aMvula. Bamboyo anakweza dzanja lamanzere kumuletsa. Anameza malovu, nayamba kuyankhula m'Chinyanja, liwu ndi liwu, ngati munthu wokweza miyala.

"Amake Anock. Msana wanu. Ndimamva. Mukandinyamula, mumabuula. Ndinamuuza mlongo wanga, ndiyendetse. Ndizipita ndekha kuseri."

"Bwanji osandiuza ine?"

"Mukanati, gonani."

Ndi zimenedi amake Anock akananena. Anayang'ana manja awo. Christine anayankhula motsitsa, Pius n'kumamasulira. Anati kuyang'ana kuja ankaona mmene mayiwo akuweramira, ndipo ankafuna kuwapima msana koma ankaopa kupempha. Anatinso iwo analakwa. Analowa m'nyumba ya anthu awiri n'kumayankhula ndi mmodzi, m'chilankhulo chimene winayo sakumva. Kusukulu anawaphunzitsa kufunsa wodwala, koma sanaganize zofunsa amene amamunyamula.

"Ndinu ana," anatero amake Anock. "Mudzaphunzira."

Kenako anatembenukira kwa amuna awo. Funso limene linakhala pakhosi chikhalire cha kuchitsime linatuluka lokha.

"Nanga inu aMvula, Chibemba chokoma chotere anakuphunzitsani ndani?"

AMvula anayang'ana m'mwamba, m'masamba a mango.

"Mgodi," anatero.

"Mgodi. Mgodiwo unali ndi mawu ofewa ndithu."

Mbali yamoyo ya pakamwa pa aMvula inagwedezeka. Akazi awo anadziwa kuti yankho lina sadzalimva. Anadzuka, atagwira m'chiuno, nalowa m'nyumba. Ophunzirawo anamva mpando ukukokedwa ndi malata akulira. Potuluka anali ndi ndodo ija, ikadali ndi ulusi wa kangaude. Palibe anafunsa kumene inali.

Christine anadzuka mwachizolowezi kupita kumbali yakufa ya aMvula.

"Alamu," anatero amake Anock, "patukani. Phewa limenelo lili ndi mwini wake. Inu imani apo, muzindiuza chochita. Ndipo muzinena m'Chinyanja, ngakhale chanu chophwanyikacho."

Christine anapatuka akupukuta m'maso. Anawaonetsa poika phazi, pogwira lamba, ndi mmene angapindire mawondo kuti msana usalemedwe. Anawauza kuti asakoke, asanyamule, angokhala ngati khoma loyedzamira. Zinali zovuta kwa munthu amene moyo wake wonse anazolowera kunyamula. Kawiri konse anafuna kuwakweza amuna awo m'mwamba, Pius n'kumati, "Asiyeni, amama, asiyeni." AMvula anatsamira ndodo, nakoka mwendo, naima, nakokanso. Tsiku limenelo anangofika pamene mthunzi wa mango unathera.

Kukuyamba kutentha, ophunzirawo akutsazika, aMvula anali akufika okha kuseri kwa nyumba ndi ndodo yawo, akazi awo akutsatira pambuyo, manja ali okonzeka. Christine anapinda chitenje chija kuti abweze.

"Tengani, alamu. Ku Lusaka nakonso kuli akulu."

Lachitatu lotsatira kunalibe mlendo woyembekezera. Amake Anock anatsegula bokosi kutangocha, natulutsa malaya oyera aja, nawaika pa mwendo pa amuna awo. AMvula anawayang'ana modabwa.

"Valani," anatero amake Anock, akunola lumo pa chikhatho. "Munkavalira mlongo wanu. Lero muvalire ine."